Chiwaya Chinagogoda Kawiri

Katani ija ndinasoka ndine, ndiye mukamagawa milandu pa nkhaniyi musandidumphe. Inali ya nsalu yokhuthala, yabuluu, yotchinga pakati pa mpando wa dalaivala ndi kumbuyo kogona. Achimwene anandibweretsera muyeso atalemba kuseri kwa tikiti yakale, ine n'kuisoka tsiku limodzi, n'kuikongoletsanso m'mphepete ngati munthu wopanda zochita. Ndikanadziwa ndikanawasokera neti yoonekera.

Achimwene angawo anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Kudepoti ankawatcha a Nthawi Yakwana, poti mawu awo anali omwewo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Munthu ukamathamangira basi yawo utachedwa mphindi imodzi, unkangoona utsi. Ine amene, mlongo wawo wa bere limodzi, anandisiyapo pa siteji ndili ndi mwana kumsana ndi mashini osokera pamutu, ndipo nditakawadandaulira anandiyankha kuti basi ilibe mbale. Mpaka lero sindinawakhululukire bwinobwino.

Alamu anga, akazi awo, anali kondakitala wa basi yomweyo. Anadziwana mmenemo, n'kukwatirana, n'kulera ana anayi, akuyenda msewu umodzimodzi kupita ndi kubwerera. Belu la basi yawo linafa chaka choyamba ndipo palibe analikonza, choncho anapanga njira yawoyawo. Alamu ankaima ku chitseko chakumbuyo atagwira kachitsulo koboolera matikiti, n'kumagogoda pa chitsulo chogwirira anthu. Kamodzi, imani. Kawiri, tiyeni. Pobwerera chammbuyo alamu ankatsika n'kumamenya nthiti ya basi ndi chikhatho pang'onopang'ono, ndipo akamenya kamodzi mwamphamvu achimwene ankaima pomwepo, kaya patsala chala chimodzi kuti agunde khoma.

Achimwene sankacheuka. Ankachita kunyadira nazo, amvekere maso awo akumbuyo anachita kuwakwatira. Phazi lawo linkamva kugogoda mutu usanamve. Akamawodzera pampando kunyumba, ana ankachita dala kugogoda kawiri patebulo, phazi lamanja n'kuponda pansi lokha, iwo ali m'tulo. Tinkaseka mpaka misozi.

Atapuma ntchito, alamu anatulutsa kakope kamene ankasunga m'chikwama cha matikiti. Zaka zonsezo ankalembamo malo amene apaulendo ankawafotokozera: mathithi amene utsi wake umanyowetsa munthu ali patali, mlatho wautali woti ukaima mbali ino sungazindikire munthu wa tsidya linalo, phanga la mileme, nyanja yamchere, phiri limene mitambo imagona kunsi kwa mapazi ako. Anati atopa kufikitsa anthu kumene akupita, tsopano akufuna akafike okha. Achimwene anapeza kabasi kakale kotayidwa kuseri kwa galaja, n'kukachotsa mipando, n'kuikamo bedi, kabati, kambaula ka gasi ndi thanki ya madzi. Anakakulitsa m'mbali kuti bedi likwane, moti magalasi a m'mbali oonera kumbuyo ankangoonetsa khoma la kabasi komweko. Nditawafunsa za magalasiwo anati a chiyani, kondakitala alipo.

Chimene chinkandidetsa nkhawa ine chinali china. Alamu ali ndi matenda a shuga, aja obaya jakisoni m'mawa uliwonse. Akabaya ayenera kudya pasanapite nthawi, apo ayi shuga amatsika, manja amayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, lilime n'kulemera, ndipo popanda wowapatsa chotsekemera akhoza kugona osadzukanso. N'chifukwa chake m'chikwama cha matikiti chija munkakhala masiwiti nthawi zonse. Ndinawauza achimwene pamaso pa ana kuti akakamutaya mayiyu asadzabwerenso kuno. Anaseka, n'kuyang'ana wotchi.

Mpando wapambali pa dalaivala achimwene anaikapo bokosi la masipanala ndi mapu. Alamu sanatsutse. Anati kutsogolo kumawachititsa chizungulire, anazolowera kumbuyo. Choncho ananyamuka mmene ankayendera kale, bambo kutsogolo, mayi kumbuyo, katani yanga pakati.

Miyezi iwiri yoyamba alamu ankandiimbira foni Lamlungu lililonse, ndipo chilichonse chinkayamba ndi kuseka n'kutha ndi kuusa moyo. Mathithi anawaona, inde, koma mphindi khumi. Pamlatho paja achimwene sanaime n'komwe, anangochepetsa liwiro n'kukuwa kuti suzumirani kumanzere. Kunyanja yamchere alamu anali atangovula nsapato imodzi pamene hutala inalira. Achimwene anali atalemba ndandanda ya ulendo wonse n'kuimata pamwamba pa chiwongolero, yonena tsiku ndi ola lofika paliponse, ngati kuli bwana amene akawafunse. Ndinawalankhula pa foni kuti achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anati nkhono ilibe kopita.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali la mwezi wachitatu. Anakwera phiri la mitambo lija kudzera msewu wakale, wopapatiza, umene anthu anausiya atamanga wina kunsi. Tsiku lathunthu ukhoza kudutsapo galimoto imodzi kapena osadutsa n'komwe. Pamwamba pake pali kabwalo koimikapo magalimoto, kotchingidwa ndi zitsulo m'mphepete, ndipo kuseri kwa zitsulozo ndi phompho. Anafikapo m'mawa dzuwa litatuluka, koma kunali chifunga chokhachokha, osaona ngakhale mtengo.

Alamu anati adikire chifunga chichoke. Achimwene anati mphindi khumi ndi zisanu. Alamu anali atabaya kale jakisoni, tiyi ali pa kambaula, buledi atamudula. Anakangana. Alamu anati zaka zonsezi akhala akudutsa zinthu, ndipo phiri ili ndi limene analilemba koyamba m'kakope kaja ali ndi mimba ya mwana woyamba. Achimwene anati mitambo ndi mitambo, kwathu ilinso. Mawu amenewo ndi amene anathetsa njala ya alamu. Anakankhira buledi uko, n'kunena kuti ngati nthawi yakwana ndiye yakwana, tiyeni. Achimwene analowa kutsogolo n'kukoka katani.

Tsono kabasi kaja handibuleki yake sinkagwira bwino potsetsereka, ndiye akaima ankaika mwala kunsi kwa tayala lakumbuyo. Ponyamuka achimwene ankaliza injini ataponda buleki, alamu n'kutsika, kuchotsa mwala, kukwera, kugogoda kawiri. Tsikulo alamu anatsika n'kutseka chitseko chifukwa cha mphepo. Anachotsa mwala. Poweramuka anaona chifunga chikung'ambika pakati, kunsi kukuonekera mitambo yoyera itayalana mpaka kumene maso amalekezera. Anati angoyang'ana kamodzi. Anayenda mapazi asanu kupita kuzitsulo kuja.

M'kati, achimwene analowetsa giya mwaukali, kabasi n'kugwedezeka. Pakhoma pafupi ndi kabati panali chiwaya chopachika pa msomali. Chinayendayenda n'kumenya khoma, go, go.

Phazi linamva.

Alamu akuti poyamba anaseka. Anathamangira kabasiko atavala masilipasi, akukuwa, mpaka anakagenda ndi silipasi imodzi, koma injini ya kabasi kaja imalira ngati chigayo, ndipo msewu umakhota pomwepo. Anaima pakati pa msewu n'kumadziuza kuti mphindi zisanu zokha, bamboyo azindikira. Kenako anakumbukira kuti munthu wake sacheuka. Anagwira m'chiuno pofuna chikwama cha matikiti, n'kupeza palibe. Chinali pa msomali m'kabasi, pamodzi ndi foni.

Apa ndi pamene ndimafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Achimwene anatsetsereka phirilo akulankhula ndi katani. Anayamba ndi kudziteteza, kuti iwo akungofuna akafike kumalo ogona kusanade. Kumbuyo zii. Anati alamu akwiya, n'kupitiriza. Anakumbutsa za kabasi kuti anakamanga ndi manja awo, miyezi isanu ndi itatu, chifukwa cha ndani. Zii. Atadutsa makona ambirimbiri mtima unayamba kuwatsutsa, ndipo munthu amene sanapepesepo kwa wina aliyense chibadwire, ngakhale kwa mayi athu, anatsokomola n'kunena kuti analakwitsa, mawu a mitambo aja sanali abwino, akapeza pokhotera abwerera. Chipepeso choyamba cha moyo wawo, anachipereka kwa chiwaya.

Patapita mphindi makumi anayi tayala linagwa m'kadzenje. Chiwaya chinamenya khoma kamodzi, go. Achimwene anaponda buleki n'kuima pakati pa tchire, n'kudikira. Anafunsa ngati mayi akufuna kutsika. Anafunsanso. Ndiyeno anachita chimene sanachitepo, anatembenuka n'kukoka katani.

Bedi linali loyala. Buledi anali pa mbale, wosalumidwa. Jakisoni wogwiritsidwa kale ntchito anali pambali pa kapu. Chikwama cha matikiti chinali lende pa msomali, ndipo pafupi nacho chiwaya chinali chikuyendayendabe.

Achimwene anazindikira kuti mayi atsala pamwamba paja. Anayang'ana wotchi, koma ulendo uno ankawerenga zina: jakisoni analowa nthawi yakuti, tsopano padutsa ola lathunthu, mayi sanadye kanthu. Anatenga foni kuti aitane thandizo, netiweki panalibe. Anatsika n'kuyang'ana msewu. Kumanja kunali thanthwe loima chilili, kumanzere phompho. Pokhotera pabwino sankadziwa kuti pali patali bwanji kutsogolo, ndipo mapu sanena zimenezo. Kukwera phirilo wapansi, ndi miyendo yawo ija, akanafika dzuwa litapendeka.

Kabasi kanayenera kutembenuka pomwepo. Ndiye taganizani, dalaivala wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, amene sanabwererepo chammbuyo popanda chikhatho cha mkazi wake pa nthiti ya galimoto. Kuti akamutenge mayiyo ankafunika mayi yemweyo.

Anayeza ndi mapazi. Kabasi kanali mapazi asanu ndi atatu. Patsogolo pang'ono, pamene madzi anakumba thanthwe, msewu unali mapazi khumi. Anatola miyala ikuluikulu n'kuindandalika m'mphepete mwa phompho kuti matayala akaigunda amve. Anakwera, anakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, mphuno ya kabasi n'kukhudza thanthwe. Analowetsa giya yobwerera. Akuti anakhala kaye phazi lili pa buleki, makutu ali tcheru, kudikira go, go, go amene sakanabwera.

Anabwerera pang'ono, n'kuima, kuzimitsa injini ili m'giya, kutsika, kukaona. Panatsala mapazi awiri. Anakwera, kubwereranso, kutsikanso. Kupita kutsogolo, kukhotetsa, kubwerera, kutsika. Kachisanu tayala linakankha mwala umodzi, ndipo anaumva ukugubuduka, ukugunda mitengo, mpaka phokoso linazimirira usanafike pansi. Atatsika anapeza mbuyo ya kabasi, pamene pali bedi, ili m'malere pamwamba pa phompho, tayala litatsala chikhatho chimodzi. Anagwira tayalalo ndi dzanja ngati kuti angaliletse. Malaya anali atanyowa moti akanatha kuwafinya.

Kachisanu ndi chinayi mphuno inaloza kumtunda. Thanthwe linatenga nyali imodzi ndi galasi lopanda ntchito lija. Zonsezi zinadya theka la ola.

Kukwera kunali kowawa kuposa kutembenuka, poti kabasi kolemera choncho sikathamanga pachitunda, kaya upemphere bwanji. Giya yachiwiri, nthawi zina yoyamba. Muvi wa kutentha kwa injini unkakwera pang'onopang'ono kulowera kofiira. Dalaivala aliyense amadziwa kuti ukatero umaima n'kudikira injini izizire, ndipo achimwene anali ataphunzitsa anyamata ambiri lamulo limenelo. Sanaime. Pa kona iliyonse ankayembekeza kuona mayi akutsetsereka wapansi, ngakhale ankadziwa kuti sangatero. Kudepoti kunali lamulo lakuti kondakitala akatsala sachoka pa siteji, ndipo alamu anali munthu wosunga malamulo kuposa iwo.

Anafika pakabwalo paja injini ikutulutsa nthunzi. Panalibe munthu. Chifunga chinali chitatheratu, dzuwa lili pamutu, likuotcha. Pakati pa msewu panali silipasi imodzi.

Anathamanga uku ndi uku akuitana. Anaitana mayi a ana, anaitana a kondakitala, mpaka anaitana dzina lawo lenileni limene anali asanalitchule chikwatirane. Anasuzumira kuphompho. Anakwera pathanthwe, anatsika, anaitananso mpaka mawu anasasa. Kenako anayamba kudzinyengerera kuti mwina padutsa galimoto ina n'kuwatenga kupita kutauni imene anachokera dzulo lake, mbali ina ya phiri. Maganizo amenewo anawagwira chifukwa anali okoma. Anakwera m'kabasi, anatseka chitseko, anagwira kiyi.

Ndi nthawi yokhayo pamene anakhala chete chifikire. Ndipo m'chete mmenemo zitsulo za m'mphepete zija zinalira chapansipansi, ngwe.

Kamodzi. Dzanja linachoka pa kiyi lokha. Anadikira. Patapita nthawi yoti munthu akhoza kupuma kasanu, ngwe, kamodzinso.

Anatsika n'kutsatira zitsulozo atazigwira ndi dzanja kuti amve kunjenjemera kwake. Kumapeto kwa kabwalo, kumene zitsulo zimatsikira kuseri kwa mwala waukulu, kunali kamthunzi. Alamu anali atakwawira kumeneko pothawa dzuwa. Anagona chammbali, nkhope ili mbuu, diresi litanyowa ndi thukuta, maso otseka theka. Anamva kabasi kakufika, anamva kuitana konse kuja, koma lilime linali litakana. M'dzanja munali kamwala, ndipo dzanjalo linali pa chitsulo. Achimwene akuyang'ana, linadzuka pang'ono n'kugwanso, ngwe.

Anathamangira m'kabasi n'kubwera ndi chitini cha shuga, osati masiwiti, poti munthu wosatha kumeza angatsamwe nawo. Anachita mmene namwino anawaonetsera chaka chimene alamu anayamba kudwala, pamene ife tinkati sakumvetsera. Ananyowetsa chala, kuchiviika mu shuga, n'kumapaka m'kati mwa tsaya ndi m'nkhama, mutu wa mayi uli pa mwendo wawo. Anapaka, kudikira, kupakanso. Sanayang'ane wotchi, ndiye sadziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Amangodziwa kuti chala chinayamba kumva lilime likuyenda, kenako mano anawaluma pang'ono.

Alamu atatha kukhala tsonga anamwa tiyi wozizira uja atathiramo masupuni anayi, n'kudya buledi pang'onopang'ono. Achimwene ndi amene ankalankhula zambirimbiri, za chiwaya, za phompho, za miyala, za nyali yosweka. Ananenanso kuti kumunsi kuja anapepesa.

"Munapepesa kwa ndani?" anafunsa alamu.

Alamu anapukuta pakamwa ndi m'mphepete mwa diresi, n'kuyang'ana kumitambo kuja, imene tsopano inali itayamba kubalalika.

"Sindikukwiyira chiwaya ayi, bambo. Chiwaya chagwira ntchito yanga, ndipo inu simunaone kusiyana. Zaka zonsezi mwakhala mukundimva. Koma kundiyang'ana, munandiyang'anapo liti?"

Ine amene ndimawadziwa achimwene, ndinkayembekeza kuti pofotokoza apa andiuza kuti anayankha zakutizakuti. Koma ayi. Anapita kukabasi, anang'amba ndandanda ija pamwamba pa chiwongolero, anatsitsa bokosi la masipanala n'kulikankhira kunsi kwa bedi, anamasula katani yanga n'kuipinda. Atabwerera anakhala pansi pafupi ndi alamu, n'kubwereza chipepeso chija mawu ndi mawu, akuwayang'ana kumaso. Alamu akuti chinali chachifupi kuposa mmene bamboyo amachifotokozera.

Anakhala paphiripo masiku atatu. Injini inkafunikadi kuikonza, koma ntchito yake inali ya tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ankatulutsa mipando iwiri n'kudikira chifunga ching'ambike, alamu atadya kale, achimwene atasunga masiwiti m'thumba la malaya awo.

Katani anandibwezera atabwerako, patatha miyezi ina inayi. Ndinawakalipira onse awiri mpaka mawu anandithera, achimwene chifukwa cha uchitsiru, alamu chifukwa chosiya buledi pofuna kupsetsa mtima mwamuna. Kenako ndinalowa kuchipinda n'kulira ndekha, poti ndinatsala pang'ono kutaya munthu amene ndimamukonda kuposa mbale wanga weniweni, ndipo ndikunena izi achimwene akudziwa.

Chaka chino ananyamukanso, ati akamalize za m'kakope. Ndinawaperekeza pageti. Pansi panali posatsetsereka, ndiye panalibe mwala wochotsa. Alamu anakwera kutsogolo, chikwama cha matikiti chili pamiyendo, akudandaula kuti mpando ndi wolimba. Achimwene analiza injini. Alamu, mwa chizolowezi, anagogoda kawiri pachitseko ndi mphete yawo.

Ndinaona bondo la achimwene likudumpha, koma kabasi sikanasunthe. Alamu anagogodanso kawiri, n'kufunsa ngati bambo agontha.

"Ndakumvani," anatero achimwene. "Tatembenukirani kuno ndikuoneni."

Alamu anatembenuka, akung'ung'udza kuti ukalamba wawapengetsa bamboyu. Achimwene anawayang'ana ndithu, nthawi yaitali moti ine ndinayamba kuchita manyazi pageti langa lomwe. Atatero anachotsa phazi pa buleki.